Kuimana njinga yamoto mafuta: zimene zimachitika m'kati mwa kabuleta

"Madala, njingayi ikumwa mafuta ngati yabooka tanki. Tandichepetsereniko." Aliyense amene anakhalako pa shedi ya makaniki wa njinga zamoto, kaya ku Mchesi, ku Ndirande kapena pa malo aliwonse ochitira malonda m'mbali mwa msewu, mawu amenewa anawamvapo. Kawirikawiri amene amawanena ndi mnyamata wa kabaza, ndipo ine sindimuweruza. Njinga si yake, madzulo mwini wake akudikira ndalama ya tsiku, petulo wakwera mtengo, nthawi zina wachita kugona pamzere kuti amupeze. Lita iliyonse yomwe angapulumutse ndi ndiwo za ana kunyumba.

Koma pempho limeneli lapha injini zambiri. Ndinaonapo ndi maso angawa pisitoni ya njinga ya 150cc itatulutsidwa ili ndi dzenje pakati, m'mphepete mwa dzenjelo chitsulo chitasungunuka, chotuwa ngati phulusa la pamoto. Njingayo inali isanathe chaka pamsewu. Titamasula kabuleta tinapeza kuti wina analowetsa kawaya ka kopa, kaja amasolola m'waya wa magetsi, m'kabowo ka jeti yaikulu, kachitsulo kodutsitsa mafuta m'kabuleta, n'kukapinda kuti kasatuluke. Mafuta anachepadi. Kwa milungu ingapo mnyamatayo ankayamikira makaniki wakeyo. Kenako tsiku lina pa chitunda, atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, injini inangoti zii. Ndalama ya pisitoni, maring'i, gasiketi ndi ya womanga inaposa kutali yonse imene anapulumutsa pa petulo.

Kuti timvetse chimene chinachitika, tiyambe ndi ntchito ya kabuleta. Petulo payekha sayaka, amafuna mpweya, ndipo amafuna wambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo wosasakaniza ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikaziyika m'malita, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya pafupifupi malita 9,000, womwe ndi wodzaza migolo 45 ija ya malita 200. Kabuleta ntchito yake ndi kusakaniza ziwirizi pa mlingo woyenera mphindi iliyonse, njinga ikangolira itaima, ikamathamanga pa tala, ikamakwera phiri. Mafuta akapitirira mlingo amakaniki amati njinga ili rich, akachepa amati ili lean. M'nkhani ino ndizingoti mafuta achuluka kapena achepa.

Mlingo wa 14.7 uja si umene injini imafuna nthawi zonse. Ikamakoka mwamphamvu imafuna mafuta ochulukirapo, mpweya 12.5 kapena 13 pa gawo limodzi la petulo. Ikakhala yozizira m'mawa imafuna ochuluka kuposa pamenepo, chifukwa petulo wina amangomatirira m'makoma ozizira osasanduka nthunzi, n'chifukwa chake pali choke, kachogwirira kochulukitsa mafuta poliza injini yozizira. Ndipo pali chinthu chimene wochepetsa mafuta amaiwala: njinga zambiri za kabaza zilibe radiator, zimazizira ndi mphepo yowomba m'zipsepse za injini basi. Mafuta owonjezera aja, posanduka nthunzi m'kati mwa silinda, amatenga kutentha kwina. Ndi madzi akumwa a injini yotere. Mukawachotsa pa nthawi imene injini ikukoka katundu, moto umatentha mopitirira, mafuta amayamba kuphulika okha mosadikira dongosolo, mumamva kugogoda ngati timiyala m'chitini, ndipo choyamba kugonja ndi valavu yotulutsa utsi kapena mutu wa pisitoni, womwe ndi wa aluminiyamu.

Kabuleta ilibe pampu yoponya mafuta m'injini. Imadalira mpweya womwewo. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya kudzera m'khosi la kabuleta, ndipo khosilo pakati ndi lopapatiza. Amene anaonapo mtsinje wa Shire pa Mpatamanga akudziwa mmene madzi amathamangira akafika popanikizika. Mpweya nawo umatero, ndipo pamene wathamanga kwambiri mphamvu yake yokankha m'mbali imatsika. Ndiye mpweya wakunja, umene ukukanikiza petulo ali m'kambale ka pansi pa kabuleta, umamukankhira m'mwamba kudzera m'timabowo mpaka atulukire pakhosipo ngati nkhungu. Khosi limeneli limatchedwa venturi, dzina la katswiri wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi, amene analemba za kayendedwe kotere ka madzi m'mapaipi opapatiza mu 1797.

Timabowo timeneti ndi timene timatchedwa majeti. Jeti ndi kachitsulo kachikasu kofewa, kokhala ndi mazinga ngati bawuti, kobooledwa pakati ndi makina pa mlingo weniweni. Pa njinga zambiri zochokera ku China, zimene injini zake anatengera pa Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1970, mumapeza kabuleta yolembedwa PZ26, PZ27 kapena PZ30, yotengera kapangidwe ka kampani ya ku Japan ya Keihin. Nambalayo ikunena kukula kwa khosi m'mamilimita. M'kati mwake mafuta ali ndi njira zitatu, ndipo chinsinsi chonse cha kutchuna chagona pa kudziwa kuti njira iliyonse imalamulira pa nthawi yake, kutengera mmene dzanja lapotokolera chogwirira cha moto. Liwiro la njinga silikutanthauza kanthu apa. Chofunika ndi pamene dzanja lili.

Njinga ikamalira itaima mpaka mutapotokola pang'ono, osapitirira kota, mafuta amadzera mu jeti yaing'ono, imene ena amati pilot jet, ena slow jet. Kabowo kake n'kakang'ono kwambiri moti kambewu kamodzi ka mchenga kamakatseka. Kuyambira pa kota mpaka magawo atatu mwa anayi, wolamulira ndi singano, kachitsulo kosongoka kolendewera pansi pa slide, kachitseko kotsegula ndi kutseka khosi lija. Singanoyo imalowa m'kabowo ngati chotsekera. Mukamapatsa moto singano imakwera, ndipo popeza kunsonga ndi yowonda, mpata wodutsa mafuta umakulirakulira. Mukapotokola mpaka kumapeto singano yachoka panjira, ndipo amene watsala pachipata ndi jeti yaikulu, main jet.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Wa kabaza wa m'tauni, amene tsiku lonse akuzembazemba pakati pa maminibasi, nthawi yake yambiri amakhala pa jeti yaing'ono ndi singano. Jeti yaikulu amaifikira mwa apo ndi apo. Choncho kuchepetsa jeti yaikulu sikumupulumutsira mafuta ochuluka m'tauni, koma kumachotsa chitetezo pa nthawi yeniyeni imene injini ikuchifuna, pa chitunda ndi katundu kumbuyo. Mnyamata uja kawaya kanamuchepetsera mafuta chifukwa kanatseka mpata waukulu zedi, ndipo n'chifukwa chomwecho pisitoni inapsa.

Nambala za majeti nazo zimafuna kuzimvetsa. Pa majeti a mtundu wa Keihin, nambala imayenderana ndi kukula kwa kabowo: jeti ya 100 ndi pafupifupi milimita imodzi. Amabwera motsatana chonchi: 98, 100, 102, 105, 108, 110. Kusiyana kwa 100 ndi 105 kumaoneka kochepa, koma mpata wa bowo umakula mofulumira kuposa m'mimba mwake, moti jeti ya 105 imadutsitsa mafuta ochuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndiye taganizirani munthu amene akutokosa jeti ndi singano yosokera kapena waya wachitsulo kuti achotse dothi. Chitsulo chachikasu chija n'chofewa, kukanda pang'ono bowo lakula, ndipo nambala yolembedwa pambali yasanduka bodza. Jeti imatsukidwa ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo woyera, n'kuipemerera ndi mpweya wa pampu, kenako kuiyang'ana padzuwa kuti muone ngati bowo lili lozungulira bwino. Dziwaninso kuti nambala za kampani ya Mikuni sizifanana ndi za Keihin, ndipo majeti ena a Mikuni, a mutu wa makona asanu ndi imodzi, amawerengedwa potengera kuchuluka kwa mafuta odutsa, osati kukula kwa bowo. Musasinthanitse poona nambala yokha.

Tsopano ndinene chimene ndimachikhulupirira kwambiri pa nkhaniyi. Njinga imene inachoka ku fakitale ikuyenda bwino, ndipo palibe anasintha ekizozi kapena fyuluta, ikayamba kumwa mafuta kapena kutsamwa, vuto si nambala ya jeti. Jeti siisintha yokha usiku. Chimene chasintha ndi china, ndipo muchifunefune musanagwire sikulu iliyonse.

Yambani ndi fyuluta ya mpweya. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, misewu yathu yafumbi imaitseka m'masabata ochepa. Fyuluta yotsekeka ili ngati choke yoiwalika: mpweya ukuchepa, kukoka pa majeti kukukula, mafuta akuchuluka. Njinga zambiri zomwe amati zikumwa zimachira ndi kutsuka siponji ija, kuiumitsa, kuipaka oyilo pang'ono n'kuifinya. Ena amaichotseratu kuti njinga ipume. Pamenepo mafuta amachepa mopitirira, ndipo fumbi limalowa m'silinda n'kumapala maring'i ngati sandipepa.

Kenako onani kambale ka pansi. M'menemo muli float, kachinthu koyandama kamene kamatseka mafuta akafika pa mlingo wake, monga chija cha m'tanki ya chimbudzi chamadzi. Kansonga kake ka labala kakatha, kapena kachitsotso kakapingasa, mafuta amakwera mopitirira ndipo njira zitatu zonse zimachulukitsa. Mukaona madontho a petulo pansi pa njinga m'mawa, ndalama yanu ikuthera pamenepo. Kuyeza kwake n'kosavuta: lumikizani kapaipi koonekera m'kati pa potulutsira mafuta pansi pa kambale, kapindireni m'mwamba m'mbali mwa kabuleta, njinga itaima chilili, tsegulani sikulu yotulutsira. Mafuta m'kapaipimo adzaima pa mlingo womwe ali m'kati, ndipo pa makabuleta ambiri otere ayenera kukhala chapafupi ndi mzere umene kambale kakumana ndi thupi la kabuleta.

Onaninso labala wolumikiza kabuleta ndi injini. Dzuwa ndi kutentha zimamung'amba, mpweya n'kumalowera pamng'alupo osadzera pa majeti. Chizindikiro chake ndi injini imene mukasiya moto imachedwa kutsika, imangolira m'mwamba kwa kanthawi. Mavalavu nawo akathina kapena kulekera, njinga imavuta kuliza ndipo imasokoneza ngati vuto lili mu kabuleta. Pa CG125 mpata wake ndi mamilimita 0.08 injini ili yozizira, ngati kukhuthala kwa pepala. Pa njinga zina tsatirani buku lake.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene timayamba kutchuna, ndipo timayamba injini itatentha, itayendako mphindi khumi kapena kuposa. Pa kabuleta pali masikulu awiri amene anthu amawasokoneza. Imodzi imangokweza kapena kutsitsa slide kuti injini izilira mokwera kapena motsika ikaima. Inayo ndiye yosakaniza. Iyi muyang'ane pamene ili. Ikakhala mbali ya injini, kawirikawiri pansi, imalamulira mafuta: kuimasula ndi kuwonjezera mafuta. Ikakhala mbali ya fyuluta imalamulira mpweya: kuimasula ndi kuchepetsa mafuta. Anthu ambiri awononga tsiku lathunthu akupotokolera kolakwika chifukwa sanadziwe zimenezi. Imangeni mofatsa mpaka ingogunda, osakakamiza chifukwa nsonga yake imathyoka, kenako imasuleni kuzungulira kamodzi ndi theka kapena kawiri. Kuchokera apo sunthani kota, dikirani masekondi angapo, mvetserani. Mukufuna pamene injini ikulira mokwera ndi mosalala kuposa pena paliponse. Mukapapeza, tsitsani kulirako ndi sikulu ina ija mpaka injini izizungulira cha pa maulendo 1,400 pa mphindi. Ngati malo abwinowo mwawapeza sikulu ya mafuta itamasulidwa kupitirira katatu, jeti yaing'ono yachepa kapena yatsekeka. Ngati mwawapeza isanakwane kamodzi, jetiyo yakula.

Singano ili ndi timizere kumutu, nthawi zambiri tisanu, ndi kakilipi kamene kamakhala pa kamodzi mwa timizereto. Mukatsitsa kakilipi, singano imakwera ndipo mafuta amachuluka. Mukakweza kakilipi, singano imatsika ndipo mafuta amachepa. Zimamveka zotembenuka, koma gwirani singanoyo m'manja muone mmene imalendewera, mudzamvetsa pompo. Ngati pali malo amene wa kabaza angapezeko phindu lenileni la mafuta, ndi pano, ndipo mzere umodzi wokha. Njinga ikayamba kujejema mukamayenda pa liwiro limodzi, ngati ikufuna kupita ikubwerera, mwapitirira, bwezerani. Kakilipi aka kamauluka, ndipo kakagwera mumchenga simudzakaonanso. Kachotsereni m'kati mwa jumbo yoonekera.

Thupi la njinga limalankhula ngati mumvetsera. Mafuta akachuluka imalira m'mawa wa Juni popanda choke, koma ikatentha imalemera, imatsamwa ngati munthu wa chimfine, utsi umakhala wakuda ndipo umanunkha petulo wosapsa. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira mu oyilo wa injini, choncho kuchulukitsa nakonso kumawononga, kungoti pang'onopang'ono. Mafuta akachepa imafuna choke nthawi yaitali, imaphulitsa mu ekizozi mukasiya moto potsetsereka, mukapotokola mwadzidzidzi imayamba yafa kaye kenako n'kudzuka, ndipo paipi ya ekizozi pafupi ndi injini imasanduka yabuluu msanga. Kuyesa kwachidule ndi uku: pamene ikuvutapo, kokani choke pang'ono. Ikachira, inali ndi njala. Ikaipiraipira, inali itakhuta kale.

Jeti yaikulu imayesedwa pamsewu wopanda anthu ndi ziweto, makamaka wokwera pang'ono kuti liwiro lisapitirire. Pa giya yapamwamba potokolani mpaka kumapeto, kenako bwezani dzanja pang'ono chabe. Njinga ikaoneka ngati yapeza mphamvu mutabweza, jeti yaikulu yachepa. Pulagi nayo ndi mboni, koma iyenera kufunsidwa bwino. Ikani yatsopano, thamangani mutatsegula moto wonse kwa kanthawi, gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi imodzi, imani, ichotseni ndi nsanza chifukwa ikuotcha. Mukalola injini kulira njinga itaima, mwafufuta umboni. Mwaye wakuda wouma ndiye kuti mafuta achuluka. Wakuda wonyowa ndi oyilo, limenelo ndi vuto la maring'i kapena mavalavu, osati kabuleta. Yoyera mbee yokhala ndi timatuza kapena timadontho tonyezimira ndiye ngozi, timadonthoto ndi pisitoni yanu ikusungunuka. Achikulire anatiphunzitsa kufuna mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo ankanena zoona pa petulo wa nthawi yawo, amene anali ndi mtovu. Maiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wamtovu pofika 2006, ndipo wa masiku ano sadetsa pulagi msanga. Choncho musadabwe nsonga ikaoneka yoyererapo. Unikani ndi tochi m'kati, pansi penipeni pa chadongo choyera chimene chili pakati pa pulagi, muone ngati pali kamzere ka mwaye kozungulira. Kakakhalapo, injini ikudya mokwanira.

Dziko lathu lili ndi zinthu ziwiri zimene buku lochokera ku fakitale silinaziganizire mokwanira. Choyamba ndi mapiri. Mukakwera mamita 1,000 mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma jeti imaperekabe mafuta pafupifupi omwewo, ndiye kusakaniza kumachulukira ku mafuta. Nsanje ndi Chikwawa zili pansi kwambiri, mamita osapitirira 100 kapena chapompo pamwamba pa nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi ili cha pa 470. Lilongwe ndi Blantyre zapitirira pang'ono 1,000, Mzuzu cha pa 1,250, Dedza cha pa 1,600, ndipo Nyika yapitirira 2,000. Njinga yochokera ku Salima ikafika ku Dedza imalemerako ndi kudetsa pulagi, zomwe n'zosowetsa mtendere koma sizipha. Choopsa ndi ulendo wobwerera. Njinga imene anaitchuna mothina ku Dedza, ikatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kapena ya ku Blantyre ikatsetsereka kupita ku Thabwa, imakumana ndi mpweya wolemera ndipo mafuta amachepa. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire mu Okutobala kumapeputsako mpweya n'kubwezako pang'ono, koma kutentha komweko kumachititsa kuti injini isazizire bwino. Ndipo pobwerera iyenera kukwera phiri lomwelo itatsegula moto wonse. Amene amayenda njira zotere atchune njinga yake molingana ndi kumunsi, apirire kulemera pang'ono kumtunda.

Chachiwiri ndi ethanol. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inabwera mu 2004. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, choncho amafuna mpweya wochepa, magawo 9 okha pa gawo limodzi. Petulo wosakaniza ndi ethanol 10 pa 100 amafuna mpweya cha pa 14.1, wa 20 pa 100 cha pa 13.5. Galimoto ya makono ili ndi kompyuta imene imaona utsi n'kuwonjezera mafuta yokha. Kabuleta siiona kanthu. Tanthauzo lake n'lakuti njinga ya kuno, osaigwira n'komwe, yayamba kale kupendekera ku mbali yochepa mafuta poyerekeza ndi mmene ikanakhalira pa petulo wosasakaniza. Kutalika kwa malo ngati Lilongwe kumabwezako mbali ina, koma kunyanja ndi kuchigwa kulibe chobweza. Kumeneko wochepetsa jeti akuchotsa pamene pachepa kale.

Ethanol amakokanso madzi a mumpweya. Njinga ikakhala miyezi osayenda, madziwo amadikha pansi pa tanki ndi m'kambale, n'kusiya dzimbiri ndi zoyera ngati ufa zimene zimatseka jeti yaing'ono. Nthawi ya kusowa kwa mafuta vutoli limakula, chifukwa petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo amabwera ndi zake. Kafyuluta kakang'ono koonekera koika pa paipi ya mafuta n'kotchipa, ndipo kutsegula sikulu ya pansi pa kambale kamodzi pa sabata, n'kukhetsera m'kabotolo koyera, kumakuonetsani madzi ali pansi ngati timikanda. Mukaimika njinga nthawi yaitali, tsekani mafuta n'kukhetsa kambale konse.

Nthawi yoyenera kusinthadi jeti ilipo. Mukaika ekizozi yaphokoso yopanda zotchinga m'kati, kapena fyuluta yotseguka, injini imapuma mpweya wochuluka ndipo jeti yaikulu iyenera kukwera, osati kutsika. Mukagula kabuleta yatsopano pamsika, musakhulupirire kuti majeti ali m'katimo ndi a injini yanu: masulani muwerenge, muyerekeze ndi akale. Mukasamukira kokhala, kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Mzimba, kutsitsa jeti sitepe imodzi kukhoza kukwanira. Posintha yambani ndi jeti yokulirapo n'kumatsika, chifukwa kulakwitsa mochulukitsa kumangodetsa pulagi, pamene kulakwitsa mochepetsa kumabowola pisitoni. Sinthani chinthu chimodzi, yendani, mvetserani, lembani m'kakope nambala ya jeti, mzere wa kakilipi ndi kuzungulira kwa sikulu. Jeti yakale musataye. Ikulungeni m'kapepala, muike m'bokosi la machesi pansi pa mpando pamodzi ndi pulagi yapadera, kuti tsiku limene ntchito idzakutengereni kunyanja mudzaibwezere musanayambe kutsetsereka.